Kodi Akhazar anachokera kuti, nanga anafika bwanji kumadzulo?

Funso la lero lachokera kwa mphunzitsi wina wa mbiri yakale pasukulu ya sekondale. Iye akuti: "Ophunzira anga anandifunsa za Akhazar atawerenga mauthenga a pa WhatsApp onena kuti anthu amenewa anachoka ku Asia, n'kulowa Chiyuda, kenaka n'kusamukira ku Ulaya. Kodi kwawo kwenikweni kunali kuti, ananyamuka liti, ndipo anadzera njira iti popita kumadzulo?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa chosalitaya funso la anawo. Ndiyambe ndi kuwongola pang'ono mawu akuti "ananyamuka liti", chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Tikamafunsa choncho, m'maganizo timaona mtundu umodzi wa anthu, olankhula chilankhulo chimodzi, atamanga akatundu tsiku limodzi n'kuuyamba ulendo. Za Akhazar sizinayende motero. Chimene chinachoka kum'mawa ndi banja lolamula, asilikali ake apakavalo ndi kayendetsedwe kake ka ufumu. Anthu ambiri amene anadzatchedwa Akhazar anapezedwa ali komweko kale, nawonso atafika m'magulumagulu zaka zoposa 100 m'mbuyomo. Mtunduwu unaumbidwira pamalo pomwe unkakhalapo, pakati pa mapiri a Caucasus, nyanja ya Caspian ndi mtsinje wa Volga, kumene lero kuli Dagestan ndi kum'mwera kwa Russia.

Ophunzira anu amadziwa za Angoni, ndipo akhoza kumva msanga mutayambira pamenepo. Amene anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 sanali onse ochokera kumene iye anabadwira. M'njira munalowa Athonga ndi Akalanga, tsidya lino munalowa Ansenga, Achewa ndi Atumbuka, ndipo zidzukulu zawo lero ndi Angoni enieni, ngakhale ambiri a ku Mzimba amalankhula Chitumbuka. Dzina ndi ufumu zinayenda ulendo wautali kuposa magazi a anthu ambiri olitchula dzinalo. Mukhale nacho m'maganizo chithunzi chimenechi.

Dziko lenilenilo liyenera kuoneka pamapu musanatchule chaka chilichonse. Kuchokera ku Manchuria mpaka ku Hungary kuli chidikha cha udzu chotalika pafupifupi makilomita 8,000, chopanda mitengo yambiri, chozizira koopsa m'nyengo yachisanu. Anthu ake ankadalira akavalo, nkhosa, ng'ombe ndi ngamila, ankagona m'mahema a ubweya, ndipo ankasuntha potsata msipu. Kumadzulo kwa chidikhachi, kufupi ndi Black Sea, mvula ndi yochuluka ndipo udzu ndi wabwino kuposa wa ku Mongolia. N'chifukwa chake mtundu ukagonja pankhondo kum'mawa unkathawira kumadzulo, n'kukakankha amene wawapezawo, iwonso n'kukakankha anzawo a patsogolo.

Mlembi wachigiriki Priscus anaona zimenezi zikuchitika. Analemba kuti cha m'ma 463 ku Constantinople, likulu la ufumu wa Aroma wa kum'mawa limene lero ndi Istanbul, kunafika amithenga a mitundu ya Saragur, Oghur ndi Onogur, akunena kuti achotsedwa kwawo ndi Asabir, ndipo Asabirwo anali atachotsedwa ndi Aavar. Apa n'kuti patangopita zaka 10 Attila, mfumu ya Ahun, atamwalira, ufumu wake n'kuphwasuka, dziko lili poyera. Mitundu ya Oghur imeneyi inakhazikika kumpoto kwa Black Sea, ndipo mwa iyo ndi momwe munadzatuluka Abulgar. Asabir nawo sanachedwe. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 500 anali kumpoto kwa Caucasus, ndipo mu 515 anadutsa mapiriwo n'kukafunkha mpaka ku Cappadocia, m'dziko la Turkey ya lero. Ankamenyera nkhondo aliyense wolipira bwino, lero Aroma, mawa Aperisi. Asabirwa muwasunge, chifukwa patapita zaka 400 katswiri wachiluya al-Masudi analemba kuti m'chilankhulo cha Aturk, Akhazar amatchedwa Sabir. Ine ndimaona kuti mawu amenewa ndi olemera kwambiri: akutiuza kuti gawo lalikulu la anthu wamba a ufumu wa Khazar linali zidzukulu za anthu amene anafika pamalopo dzina loti Khazar lisanamveke. Kuwonjezera pa iwo kunalinso Aalan, olankhula chilankhulo cha banja la Iran, amene anakhala kumeneko kuyambira kalekale.

Tsopano tibwerere kum'mawa kwenikweni, kumapiri a Altai. Kumeneko kunali fuko la Ashina, anthu odziwa kusula zitsulo, amene ankatumikira mafumu a Rouran, olamulira chidikha cha ku Mongolia nthawiyo. Mtsogoleri wawo Bumin atathandiza mfumu ya Rouran pankhondo, anapempha mwana wake wamkazi kuti amukwatire. Mfumuyo inamukana monyoza, ikumutchula kuti kapolo wosula zitsulo. Mu 552 Bumin anaukira, anagonjetsa Arouran, n'kudzitcha khagan, kutanthauza mfumu ya mafumu. Umenewu ndiwo ufumu woyamba kutchedwa ndi dzina loti Turk. Bumin sanakhalitse, koma m'bale wake Istemi anatenga mbali ya kumadzulo n'kuithamangitsa modabwitsa. Anagwirizana ndi Khosrow I wa ku Persia n'kuphwanya ufumu wa Ahephthalite m'katikati mwa Asia. Anthu otchedwa Aavar, pothawa mphamvu yatsopanoyi, anatumiza amithenga ku Constantinople mu 558, anapondereza Asabir m'njira, ndipo pofika 568 anali atakhazikika kumene kuli Hungary lero.

Chimene chinakokera Aturk kumadzulo sunali msipu wokha. Anali ndi silika wambiri wochokera ku China, ndipo amalonda achisogdian, a m'katikati mwa Asia, amene anali pansi pawo ankafuna msika. Atapita naye ku Persia, Aperisi anagula silikayo n'kumutentha pamaso pawo, powauza mosabisa kuti njirayi ndi yathu. Choncho mu 568 wamalonda wina dzina lake Maniakh anatumidwa ku Constantinople kukafuna mgwirizano, ndipo chaka chotsatira Aroma anatumiza kazembe wawo Zemarchus kwa Istemi. Njira yolambalala Persia inayenera kudzera kumpoto kwa Caspian, kuwoloka Volga, n'kutsikira ku Caucasus kapena ku Black Sea, ndiye m'dziko lomwe lija la Asabir ndi Aoghur. Aturk analitenga. Ubale wawo ndi Aroma sunachedwe kusokonekera. Mu 576 kalonga wina wachiturk analandira kazembe wa Aroma mwaukali, anaika zala zake khumi kukamwa n'kunena kuti Aroma ali ndi malilime ochuluka chomwecho, chifukwa anali atapangana ndi Aavar, amene Aturk ankawawerengera ngati akapolo awo othawa. Chaka chomwecho asilikali achiturk analanda mzinda wa Bosporus ku Crimea, umene lero ndi Kerch. Tawerengani: kuchoka pa 552 kufika pa 576 ndi zaka 24 zokha, ndipo mphamvu imene inayambira ku Altai yafika pa Black Sea. Ngati ophunzira anu akufuna chaka cha ulendo wopita kumadzulo, zaka zake ndi zimenezi.

Dzina loti Khazar limamveka mwamphamvu m'nkhani ya nkhondo ya mfumu Heraclius ya ku Constantinople ndi Aperisi. Heraclius atapanikizika anapempha thandizo kwa Aturk a kumadzulo, amene nthawiyo khagan wawo anali Tong Yabghu. Iwo anathyola chipata cha Derbent, kampata kopapatiza pakati pa mapiri ndi nyanja ya Caspian kamene Khosrow I anakamangira makoma amiyala, ndipo mu 627 anakumana ndi Heraclius kunja kwa mzinda wa Tiflis, Tbilisi wa lero. Mtsogoleri wawo, amene Agiriki anamulemba kuti Ziebel, anagwadira mfumu ya Aroma, ndipo iyo inamuveka chisoti chake chachifumu, inamutcha mwana wake, n'kumulonjeza mwana wamkazi. Mlembi wachigiriki Theophanes, polemba zimenezi, anawatchula anthuwa kuti Aturk a kum'mawa otchedwa Akhazar. Apa ndikupempheni kusamala, Aphunzitsi. Theophanes ankalemba patapita zaka pafupifupi 190, pamene aliyense ku Constantinople ankadziwa kuti kumpoto kwa Caucasus kumakhala Akhazar. Anatenga dzina la m'masiku ake n'kuliveka anthu a m'masiku a Heraclius. Gulu lankhondo la mu 627 linali la khagan wa Aturk a kumadzulo. Ufumu woima pawokha wa Akhazar unali usanabadwe.

Unabadwa mwini wake atagwa. Tong Yabghu anaphedwa ndi wachibale wake, mafuko ake anayamba kulimbana okhaokha, ndipo mafumu a Tang a ku China anagonjetsa Aturk a kum'mawa mu 630, kenaka a kumadzulo mu 657. Amene anali kumalire a kumadzulo kwenikweni, kutali ndi China, anatsala opanda wowalamula. Pakati pa 630 ndi 670 iwo anasonkhanitsa mitundu ya m'derali pansi pa khagan wawowawo, ndipo ufumu umenewu ndiwo wa Akhazar. Umboni woti unali mphukira ya ufumu wa Aturk ulipo wokwanira. Mayina a maudindo ndi omwewo: khagan, tarkhan, tudun. Mulungu wawo woyamba anali Tengri, wa kumwamba, monga kwa Aturk. Alembi a ku China ankawatchula ndi mayina awiri pamodzi, Tujue Kesa, kutanthauza Akhazar a mwa Aturk. Koma umboni umene umandigwira mtima kwambiri ndi mwambo wolonga ufumu. Alembi a ku China a m'zaka za m'ma 600 anafotokoza kuti Aturk polonga khagan ankamumanga nsalu ya silika pakhosi n'kumukoka mpaka atatsala pang'ono kukomoka, kenaka n'kumufunsa kuti alamulira zaka zingati. Patapita zaka 300, al-Istakhri, katswiri wolemba m'Chiluya amene sanawerengepo Chitchaina, analemba mwambo womwewo ndendende pofotokoza za Akhazar a ku Volga, n'kuwonjezera kuti khagan akapitirira zaka zimene anatchulazo ankaphedwa. Mwambo wachilendo chotere sungabadwe kawiri pamalo otalikirana makilomita masauzande. Unayenda ndi banja lolamula.

Chilankhulo chikunena mbali inayo ya nkhaniyi. Al-Istakhri yemweyo anati chilankhulo cha Akhazar chimafanana ndi cha Abulgar. Cha Abulgar chinali cha nthambi ya Oghur, imene lero yatsala ndi chilankhulo chimodzi chokha, Chichuvash cha ku Volga. Choncho ufumu unachokera ku Altai, koma pakamwa pa anthu ambiri panali mawu a aja anafika mu 463.

Oyamba kumva kulemera kwa ufumu watsopanowu anali Abulgar. Mfumu yawo Kubrat inali itamanga dziko lalikulu kumpoto kwa Black Sea kuyambira cha m'ma 632. Itamwalira, ana ake anagawikana, ndipo Akhazar, amene Theophanes akuti anatulukira m'katikati mwa dera la Berzilia, kumpoto kwa Caucasus, anawagwera. Mwana wamkulu, Batbayan, anatsala pamalo n'kuyamba kupereka msonkho. Gulu lina linakwera ndi mtsinje wa Volga, kumene pambuyo pake kunadzakhala dziko la Volga Bulgaria. Asparukh anathawira kumadzulo, anawoloka Danube, anagonjetsa Aroma, ndipo mu 681 mfumu Constantine IV inavomereza dziko lake. Limenelo ndilo chiyambi cha Bulgaria ya lero. Akhazar eni ake sanaiwale nkhondo imeneyi. Patapita zaka pafupifupi 300, kalata ya mfumu yawo Joseph kwa Hasdai ibn Shaprut, nduna yachiyuda ya ku Córdoba, ku Spain, inanena kuti makolo awo anali ochepa pamene adani awo anali ochuluka ngati mchenga wa kunyanja, komabe anawapirikitsa mpaka ku Danube. Onani bwino apa: amene anasamukira kumadzulo pankhondo imeneyi ndi Abulgar. Akhazar anatsala, n'kutambasula ulamuliro wawo mpaka ku Don, ku Crimea ndi ku Dnieper.

Kum'mwera kunabwera mdani wina wamphamvu kuposa onse. Aluya, atagonjetsa asilikali a ufumu wa Persia, anafika pa Derbent cha m'ma 642, n'kupatcha kuti Bab al-Abwab, Chipata cha Zipata. Mu 652 anakwera kukaukira Balanjar, mzinda waukulu wa Akhazar, koma anagonja ndipo mtsogoleri wawo Abd al-Rahman ibn Rabi'a anafera pomwepo. Nkhondo inabukanso mwamphamvu mu 722, pamene al-Jarrah ibn Abdallah analanda Balanjar. Mu 730 Akhazar anabwezera. Motsogozedwa ndi Barjik anadutsa mapiri, anapha al-Jarrah pafupi ndi Ardabil, m'dziko la Iran ya lero, n'kufika kufupi ndi Mosul. Kenaka mu 737 Marwan ibn Muhammad anawalowera mwadzidzidzi, anathamangitsa khagan mpaka ku Volga, n'kumukakamiza kuvomera Chisilamu. Koma Marwan sakanatha kusunga asilikali m'chidikha chakutali chotero. Anabwerera, khagan anasiya chimene anavomera mokakamizidwacho, ndipo Marwan yemweyo anadzakhala khalifa, kapena kuti wolamulira wamkulu wa Asilamu, womaliza wa banja la Umayyad, limene linagwa mu 750. Malire anakhazikika pa Derbent. Chotsatira cha nkhondozi ndicho chimene ndikufuna muchilembe pabolodi: likulu la Akhazar linachoka ku Balanjar, linakhala ku Samandar m'mphepete mwa Caspian, kenaka n'kukakhazikika ku Atil, kumene Volga amathira m'nyanja. Msamuko wa Akhazar umene uli ndi umboni woonekeratu unali wopita kumpoto, kuthawa malupanga a Aluya.

Ndi Constantinople nkhani inali ya maukwati. Mfumu Justinian II itachotsedwa pampando mu 695, n'kudulidwa mphuno, n'kuthamangitsidwira ku Cherson, mzinda wa ku Crimea, inathawira kwa khagan, amene anaipatsa mlongo wake. Mkaziyo anabatizidwa n'kutchedwa Theodora, ndipo ndi iye amene anachenjeza mwamuna wake pamene mlamu wakeyo anavomera kumupereka kwa adani. Justinian anapulumuka n'kubwerera pampando mu 705. Cha m'ma 732 Constantine V anakwatira Tzitzak, mwana wa khagan, ndipo mwana wawo analamulira kuyambira 775 mpaka 780 ndi dzina loti Leo IV Mkhazar. Pofika nthawi imeneyi Akhazar sanalinso oweta ziweto okha. Ankatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a katundu wodutsa m'dziko lawo: ubweya wa nyama, uchi, phula ndi akapolo zochokera kumpoto, ndalama zasiliva zochokera kumayiko achisilamu. Mitundu ya Asilavu monga Apolyane a ku Kyiv, Aseveryane, Aradimichi ndi Avyatichi inkapereka msonkho kwa iwo. Cha m'ma 840 anamanga linga la njerwa la Sarkel pa mtsinje wa Don mothandizidwa ndi amisiri amene mfumu Theophilos inatumiza. Malo ake anamira m'madzi a damu la Tsimlyansk mu 1952.

Tifike pa zimene anawo anawerenga. Zoti atsogoleri a Akhazar analowa Chiyuda ndi zoona. Al-Masudi akuti zinachitika m'masiku a khalifa Harun al-Rashid, amene analamulira kuyambira 786 mpaka 809, ndipo pali ndalama zasiliva za Akhazar za mu 837 kapena 838 zolembedwa m'Chiluya kuti Mose ndi mtumiki wa Mulungu. Imodzi inapezeka pachilumba cha Gotland ku Sweden, m'chuma chimene chinafukulidwa mu 1999. Koma ufumuwo unali wa zipembedzo zambiri. Ku Atil kunali oweruza asanu ndi awiri: awiri a Ayuda, awiri a Asilamu, awiri a Akhristu, ndi mmodzi wa otsata miyambo ya makolo. Zoti ufumuwo utagwa, kalonga Sviatoslav wa ku Kyiv atalanda Sarkel mu 965 ndipo Atil atawonongedwa zaka zochepa pambuyo pake, Akhazar anakhamukira ku Poland n'kusanduka Ayuda a ku Ulaya, ndi ganizo limene wolemba mabuku Arthur Koestler analifalitsa kwambiri mu 1976, ndipo umboni sukuligwirizira. Ku Cologne, m'dziko la Germany ya lero, kunali Ayuda kale mu 321, zaka 300 Akhazar asanakhale ndi ufumu. Midzi yachiyuda ya ku Mainz, Worms ndi Speyer inakulira m'mbali mwa Rhine, ndipo kuchokera kumeneko anthu anasunthira kum'mawa, kulowa mu Poland, atanyamula Chiyidishi, chilankhulo chimene maziko ake ndi Chijeremani. Kafukufuku wa magazi amalozanso ku Middle East ndi kum'mwera kwa Ulaya. Ndikunena izi motsindika chifukwa ganizoli masiku ano limagwiritsidwa ntchito ponyoza anthu, ndipo ana akalimva kopanda wowawongolera amalitenga ngati mbiri.

Alipo Akhazar amene anapitadi kumadzulo ndipo tikhoza kuwatsata phazi. Mfumu Constantine VII, polemba cha m'ma 950, inafotokoza kuti mafuko atatu a Akhazar otchedwa Kabar anaukira boma lawo, anagonja, n'kuthawira kwa Amagyar, makolo a anthu a ku Hungary, amene kale anali pansi pa khagan. Analowa m'chigwirizano cha mafuko asanu ndi awiri a Amagyar ngati fuko lachisanu ndi chitatu, ndipo chifukwa cha kulimba mtima kwawo ankaikidwa patsogolo pankhondo. Mu 881 akutchulidwa akumenya nkhondo m'dera la Austria ya lero, ndipo cha m'ma 895, atakankhidwa ndi Apecheneg, mtundu wina wa m'chidikha, anawoloka mapiri a Carpathian pamodzi ndi Amagyar n'kukhazikika m'chigwa cha Danube. Constantine akuti m'masiku ake anali akulankhulabe chilankhulo cha Akhazar pambali pa cha Amagyar. Pambuyo pake chinazimirira, ndipo zidzukulu zawo zinasanduka anthu a ku Hungary.